Apongozi akwiya chifukwa ndawaletsa kupsompsona khanda langa

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24 ndipo ndangobereka kumene mwana wanga woyamba, wamkazi. Lero wakwanitsa masiku 12. Dzana kunabwera apongozi anga aakazi kudzaona mdzukulu wawo. Atangomulandira m'manja anayamba kumupsompsona m'masaya, pamphumi, mpaka pakamwa penipeni. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pamlomo wawo wam'mwamba pali kachilonda, kaja kamatuluka munthu akadwala malungo kapena chimfine, ndipo kanali kakadali konyowa. Mtima wanga unangoti myu, chifukwa anamwino anatichenjeza za zimenezi tisanatuluke m'chipatala. Ndinamulanda mwanayo mwachangu n'kunena kuti, "Amayi, musamupsompsone, muli ndi chilonda." Tsoka lake panali anthu, alamu anga awiri ndi mnzawo wa apongoziwo.

Basi nkhani yaipiratu. Apongozi akuti ndawachititsa manyazi pagulu, ndikuwaona ngati auve. Akuti iwo analera ana 6, onse ankawapsompsona ndipo palibe anafapo. Amuna anga akuti ndikapepese nkhani ithe, ati mwina anamwinowo ankangotiopseza. Pano m'nyumba muno sitikulankhulana bwino. Kodi ndinalakwa? Ndikapepese? Nanga mwana wangayu ali pangozi?

Mayi wosowa mtendere

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, pakuti mkwiyo wa apongozi ungadikire koma za mwana sizingadikire. Mutengeni mupite naye kuchipatala lero lomwe, ngakhale akuyamwa bwino ndipo akuoneka wathanzi. Mukakafika musakangoti mwabwera kudzamuonetsa. Mukanene mosabisa kuti khandali lili ndi masiku 12 ndipo dzana linapsompsonedwa pakamwa ndi munthu amene ali ndi chilonda chonyowa pamlomo. Adokotala akamva choncho adziwa choti ayang'ane. Musachite manyazi kutchula nkhaniyi poopa kuti mukuwaneneza apongozi. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Tizilonda tapamlomoti anthu ambiri amati ndi malungo akutuluka. Si malungo ayi. Timayamba ndi kachilombo kotchedwa herpes simplex, makamaka mtundu woyamba wa kachilomboka. Kakalowa m'thupi sikatulukamonso. Kamangokhala phee m'mitsempha, kenako kamadzuka thupi likafooka, n'chifukwa chake tizilonda timaoneka munthu akadwala, akatopa kwambiri kapena akakhalitsa padzuwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu atatu aliwonse osakwana zaka 50, pafupifupi awiri ali nako kachilomboka, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Mfundo imeneyi muigwiritse, idzakuthandizani pokambirana: apongozi anu si auve. Ali ndi chinthu chimene anthu ochuluka zedi ali nacho, mwina ngakhale amuna anuwo.

Kwa munthu wamkulu ndi nkhani yaing'ono. Pamlomo payabwa, patuluka timatuza, taphulika, pauma nkhanambo, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kwatha. Kwa khanda n'zina. Chitetezo cha m'thupi mwake sichinakhwime, makamaka m'masabata anayi mpaka 6 oyambirira. Mwa ana ena matendawa amathera pakhungu, m'maso ndi m'kamwa. Mwa ena amalowa mu ubongo. Mwa ena amafalikira thupi lonse n'kugwira chiwindi ndi mapapo. Alipo makanda amene amamwalira nawo, alipo amene amapulumuka koma ubongo utawonongeka moyo wonse. Anamwino aja sankakuopsezani, ankakuuzani zoona.

Koma musalekenso kugona ndi mantha. Matendawa sagwira makanda kawirikawiri, ndipo ambiri amene amadwala amatenga kachilomboka kwa mayi awo pa nthawi yobadwa. Pafupifupi mmodzi yekha mwa 10 ndi amene amakatenga atabadwa kale, ndipo kupsompsonedwa ndi munthu wa chilonda ndi imodzi mwa njira zake. Mankhwala alipo, dzina lake acyclovir. Khanda limalandira kudzera m'mitsempha kwa masiku 14 mpaka 21 lili m'chipatala, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa msanga. Kuchedwa ndiye kumene kumapweteketsa ana.

Ndiye ngakhale akuchipatala atakuuzani kuti ali bwino, masabata atatu akubwerawa maso akhale pa mwanayo. Inu ndi amene mumamudziwa kayamwidwe kake. Akayamba kukana bere kapena kungoliyamwa pang'ono n'kulisiya, akamagona mopitirira mpaka kuvuta kumudzutsa, akalefuka m'manja mwanu, akamalira kosatonthozeka, akamapuma mofulumira kapena mobanika, akakomoka, thamangani naye. Chimodzimodzi mukaona timatuza tamadzi pakhungu, m'kamwa kapena pafupi ndi maso. Chonde musadikire matuzawo kuti mukhulupirire, chifukwa makanda ena amadwala kwambiri popanda thuza ngakhale limodzi. Thupi likatentha kufika madigiri 38 kwa mwana wosakwana miyezi itatu, kapena likazizira modabwitsa, ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Musamupatse mankhwala oziziritsa thupi n'kumadikira kuti kuche.

Si chilonda chokha chimene chimabwera ndi nkhope ya mlendo. Chimfine chimene wamkulu akuyenda nacho osadandaula chingamutsekere khanda m'chifuwa. Kachilombo ka RSV, kamene kwa akulu kamangooneka ngati chimfine wamba, kamagoneka makanda ambiri m'chipatala ndi chibayo komanso kubanika. Palinso chifuwa chokoka mtima. Katemera wake woyamba mwana amalandira akakwanitsa masabata 6 kapena miyezi iwiri, kutengera dziko, kutanthauza kuti wanuyo sanafikebe pa msinkhu wolandira. Khanda lodwala chifuwachi nthawi zina silitsokomola n'komwe, limangosiya kupuma kwa kanthawi. Munthu amene wakhala akutsokomola kwa masabata awiri asamunyamule mwana mpaka atakayezetsa chifuwa chachikulu.

Tsopano tibwere kwa apongozi. Akamati analera ana 6 ndipo onse anakula, sakunama, ndipo mawu amenewo akuchokera pamtima wopwetekedwa. Koma pali chimene iwo sakuchidziwa. Mayi amene wakhala ndi kachilomboka kwa nthawi yaitali amapatsirako mwana wake chitetezo akadali m'mimba. Ana awo aja ayenera kuti anabadwa ndi chitetezo chochokera kwa iwo. Mdzukuluyu sanagone m'mimba mwa agogo ake, anagona mwa inu. Ngati inuyo simunakhalepo ndi kachilomboka, ndiye kuti mwanayo alibe chomutchinjiriza. Mlomo ndi womwewo, koma mwana ndi wina.

Simunalakwe kumuteteza, ndipo zitachitikanso mawa muchite chimodzimodzi. Chimene chinawapweteka apongozi ndi maso a anthu aja. Mayi wamkulu kulandidwa mdzukulu m'manja pamaso pa ana ake ndi mnzake, zimawawa, ndipo ine ndikuwamvetsa. Choncho kupepesa kulipo, koma mudziwe chimene mukupepesera. Mupite ndi amuna anu, mukawapeze ali okha, mukalankhule modzichepetsa kuti, "Amayi, pepani kuti ndinalankhula pa anthu ndipo ndinakuchititsani manyazi. Ndinachita mantha ndi zimene anatiuza kuchipatala. Sindikuonani ngati auve, ndipo ndikufuna mdzukulu wanuyu akule ali m'manja mwanu." Pamenepo mulekeze. Musakawonjezere kuti munalakwa kuwaletsa, chifukwa mukatero mawa adzabwereza, ndipo inu mudzasowa pogwira.

Nyuzi iyi muwapatse amuna anu awerenge, chifukwa ndime ino ndi yawo. Bambo, mwawasiya akazi anu okha pankhondo imene inali yanu. Mayi amene wabereka masiku 12 apitawo, thupi likadali kuwawa, tulo sakuliona, si woti azilimbana ndi amayi anu. Amayi anuwo mawu omwewa akawamva kwa mpongozi amamva mwano, koma akawamva kwa mwana wawo wobereka okha amamva malangizo. Kunena kuti "kapepese nkhani ithe" n'kufuna mtendere wa lero lokha. Pitani nawo kuchipatala akazi anu, mukafunse nokha ngati anamwino ankangoopseza. Mukabwerako mukakhale pansi ndi amayi anu muwafotokozere mofatsa kuti ili ndi lamulo la kuchipatala, ndipo mwaliika ndinu bambo ake a mwana.

Lamulolo lisakhale la apongozi okha, apo ayi adzaona kuti mukuwasala. Likhale la aliyense, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe, ndipo mlendo aziuzidwa asanamulandire mwana, osati milomo itafika kale patsaya. Wofuna kumunyamula asambe m'manja ndi sopo. Pakamwa, pamphuno ndi m'maso pasafike mlomo wa mlendo kwa miyezi itatu yoyambirira. Anthu ambiri akaletsedwa kumaso amathamangira kupsompsona timanja, poganiza kuti apo palibe vuto, kuiwala kuti kadzanja komweko pakatha mphindi imodzi kali m'kamwa mwa mwana. Wa chimfine, wa chifuwa kapena wa chilonda pamlomo adikire achire kaye. Ndipo dziwani kuti kachilombo kaja kamapatsirana kuyambira pamene mlomo wayamba kuyabwa, thuza lisanaoneke, mpaka chilonda chitapoleratu. Nthawi zina kamapezeka m'malovu ngakhale pamlomo palibe kalikonse, n'chifukwa chake ndikuti lamulo ligwire aliyense.

Inunso makolo likukukhudzani. Mukakhala bwinobwino, mukumbatireni mwana wanu, mugonekeni pachifuwa, mumupsompsone pamutu, amafunika zimenezo kuti akule bwino. Koma tsiku limene mmodzi wa inu adzamve kuyabwa pamlomo, adzaleke kumupsompsona, adzaphimbe pakamwa ndi masiki pomusamalira, ndipo asamagwire chilondacho kenako n'kugwira mwana. Kuyamwitsa musasiye chifukwa cha chilonda chapamlomo, mkaka wanu ndi umene ukumupatsa chitetezo tsiku ndi tsiku. Pokhapokha chilonda chitatuluka pabere penipeni ndi pamene muyenera kuleka kuyamwitsa bere limenelo n'kukaonana ndi achipatala.

Chilonda cha apongozi chikapola, muwaitane ndinu, musadikire kuti abwere okha. Muwapatse madzi ndi sopo mwaulemu monga mmene mukuchitira ndi wina aliyense, kenako muwaikire mdzukulu wawo m'manja. Amufukate, amuyimbire, amugoneke, akuphunzitseni kumugwira pomusambitsa. Ana 6 aja anawaphunzitsa zambiri zimene inu mukuzifuna panopa. Akakanabe kukulankhulani, musawakakamize ndipo musabweze mawu, asiyeni amuna anu apitirize kuwayendera ndi kuwauza mmene mwana akukulira. Mudzandilemberenso mundiuze zimene akuchipatala anena.

Azakhali