Kodi njinga ingandipulumutsiredi ndalama ya ulendo wa kuntchito?

FUNSO

Zikomo akonzi chifukwa cha tsamba lino. Ine ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima. Ndimakhala m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 9 kuchokera kuntchito. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ndimalipira K2,000 popita ndi K2,000 pobwerera, kaya ndakwera njinga yamoto kaya galimoto, moti mwezi ukamatha ndimapeza kuti gawo lalikulu la malipiro anga lathera mumsewu. Ndikuganiza zogula njinga yakapalasa, koma ndikuopa kutentha kwa kuno ndi ngozi, komanso anzanga akuti ndizikafika kuntchito thukuta lili kamukamu ngati wochokera kumunda. Kodi maganizo angawa ndi othandizadi?

Mayi wodandaula, Salima

YANKHO

Mayi, maganizo anuwo ndi abwino ndipo ndikukulimbikitsani kuti mugule njingayo, koma muyambe mwakhala pansi ndi cholembera, chifukwa si ndalama yonse imene mukulipira pano yomwe idzatsale m'thumba mwanu.

Pa masiku 26 a ntchito pamwezi, K4,000 patsiku ikukwana K104,000. Komabe padzakhala masiku amene simudzapalasa: tsiku limene mvula yalawirira, tsiku limene mwadzuka thupi silili bwino, kapena tsiku limene njinga yagona kwa wokonza. Tiyerekeze kuti mwapalasa masiku 20 okha, ndiye kuti mwapulumutsa K80,000. Pa ndalama imeneyi muzipatulapo gawo limodzi mwa magawo anayi, imene ndi K20,000, kuti izidikira matayala, machubu, tcheni ndi mabuleki, komanso chakudya cham'mawa, popeza munthu wopalasa makilomita 18 patsiku sanganyamuke kunyumba ndi tiyi yekha m'mimba. Yotsalayo, K60,000, ndiyo phindu lanu lenileni. Mukapeza mtengo wa njinga imene mwaikonda, muugawe ndi K60,000, ndipo yankho lake likuuzani kuti njingayo idzabweza ndalama yake pakatha miyezi ingati.

Chimene chimandichititsa kuti ndiyime mbali ya njinga ndi chakuti mtengo wokwerera galimoto ndi njinga yamoto umatsata mtengo wa mafuta, umene bungwe la MERA limalengeza, ndipo mafutawo dziko lino limagula kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tidaona mmene maulendo adadulira, ndipo mtengo ukakwera pasiteji sutsika msanga. Zida za njinga nazonso zimachokera kunja ndipo zimakwera mtengo, koma tayala mumagula kamodzi pakapita nthawi, pamene wa njinga yamoto mumamulipira kawiri tsiku lililonse, ngakhale pa nthawi imene mafuta asowa ndipo iye wakweza mtengo chifukwa wagula mafuta a m'zigubu.

Nkhani yaikulu ili pa mtundu wa njinga, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Pali njinga zakaunjika zamagiya zimene zimaoneka zokongola ndiponso zopepuka, koma kachida kake kamodzi kakathyoka mutha kuzungulira msika wonse osakapeza, njinga n'kukhala yotsamira khoma milungu ingapo inu mutabwerera kolipira. Dera la pakati pa Salima ndi Senga Bay ndi lachidikha, lopanda zitunda zoti n'kufunira magiya ambiri, choncho njinga wamba yolimba, ya mtundu umene anyamata akabaza amagwiritsa ntchito, ikukwanirani. Zida zake zimapezeka paliponse ndipo wokonza aliyense wokhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu amaidziwa. Njinga za Buffalo nazonso zidapangidwira misewu yovuta ndi katundu wolemera, ngakhale kuti mtengo wake umakhala wokwererapo. Popeza ndinu mayi, funani yopanda mtanda kuti muzikwera mosavuta mutavala diresi kapena chitenje, ndipo ikhale ndi chotchinga tcheni kuti nsalu isakodwe. Pokagula mutenge munthu wodziwa njinga, ngakhale wakabaza amene mumamukhulupirira, kuti akaizunguze mawilo aone ngati sakupotoka, agwire masipoko limodzilimodzi, ayese mabuleki onse awiri, ndi kuyang'ana felemu ngati siidawotchereredwe n'kupakidwa penti pamwamba. Lisiti muisunge ndipo nambala ya pa felemu muilembe, chifukwa ndi umboni wanu kupolisi njinga ikabedwa.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni: musagule njingayi ndi ngongole ya katapila, chifukwa chiwongoladzanja chidzadya phindu lonse limene tawerengera lija. Ngati muli m'gulu la banki mkhonde, kumeneko n'kwabwinoko, kapena muyambe mwasunga pang'onopang'ono.

Za kutentha musazitenge mopepuka. Salima ndi dera la kunyanja ndipo mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limayamba kuswa mtengo m'mawa ndithu. Munthu wopalasa mosathamanga amayenda makilomita 12 mpaka 15 pa ola, ndiye ulendo wanu uzitenga mphindi 40 kapena 45. Ngati ntchito imayamba 7:30, nyamukani 6 koloko ikangokwana, muyende kukadali kozizira, mufike nthawi ikadalipo yoti mupume, musukusule ndi kusintha. Zovala zakuntchito muzizipinda bwino m'chikwama pamodzi ndi kathawulo ndi botolo la madzi akumwa, n'kumanga chikwamacho pa kaliyala m'malo mochibereka, chifukwa chikwama cha kumsana ndicho chimanyowetsa malaya. Mukatero anzanu aja adzakupezani mutakhala kale pakauntala muli waukhondo. Mulinso ndi mwayi umene mwina simudauganizire: m'mawa muzilowera chakumadzulo ndipo madzulo muzilowera chakum'mawa, kutanthauza kuti maulendo onse awiri dzuwa lizikhala kumsana kwanu osati m'maso. Chimene chidzakuvuteniko ndi mwera wa m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, umene umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa ndipo udzalemetsa ulendo wobwerera.

Mantha anu a ngozi ndi omveka, ndipo sindingakunamizeni kuti msewu ulibe zoopsa. Msewu wa ku Senga Bay umadutsa galimoto za alendo opita kunyanja, zonyamula nsomba, njinga zamoto zothamanga, kuphatikizapo mbuzi zimene zimadumphira mumsewu mosayembekezereka. Muziyenda kumanzere nthawi zonse, mutambasule dzanja musanakhote, ndipo galimoto yaikulu ikamabwera kumbuyo pamene ina ikubwera kutsogolo, tsikani pa phula muipatse mpata. Potsika pamenepo musamale ndi mchenga wa m'mbali mwa msewu, chifukwa wilo lakutsogolo likalowa mumchenga muli pa liwiro limaterereka ndipo ambiri amagwera pamenepo. Kumbukiraninso kuti dzuwa limene lili kumsana kwanu lija lili m'maso mwa dalaivala amene akubwera kutsogolo, choncho musaganize kuti wakuonani. Ngati sitolo imatsekedwa mochedwa, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kumada msanga, nyale yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo ndi chovala chonyezimira zikhale mbali ya mtengo wogulira njinga, osati zinthu zodzagula m'tsogolo. Chipewa choteteza mutu nachonso mugule.

Kusamala njinga sikufuna luso lalikulu. Mchenga wa kunyanja ukasakanikirana ndi oyilo umadya tcheni, ndiye sabata iliyonse muzipukuta tcheniyo ndi sanza, n'kuthirapo oyilo pang'ono chabe. Matayala azikhala opopa mokwanira, popeza tayala losakhuta limalemetsa njinga ndipo chubu chake chimabooka msanga. M'chikwama musasowe pampu, zigamba ndi sulushoni, ndipo mupemphe wokonza njinga akuphunzitseni kumata chubu, chifukwa minga sidzasankha kuti ikubayireni tayala pafupi ndi iye. Kuntchito mupemphe abwana anu malo oimikapo njinga mkati mwa mpanda kapena pamene mukutha kuiona, ndipo muziimangirira ku chitsulo ndi loko wodutsa pa felemu.

Musayambe ndi masiku onse 6 nthawi imodzi. Loweruka masana kapena Lamulungu muyambe mwayesa ulendowo kuti mudziwe nthawi yeniyeni imene muzitenga, kenaka sabata ziwiri zoyambirira muzipalasa masiku atatu okha kuti miyendo izolowere. Chishalo chikwezedwe mpaka bondo lizitsala pang'ono kuwongoka phazi likafika pansi pa pedulo, chifukwa chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo. Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima, kapena ndinu woyembekezera, muyambe mwakafunsa kuchipatala musanayambe ulendo wa tsiku ndi tsiku woterewu.