Mizinda 6 m'masabata awiri? Achemwali, takhalani kaye pansi

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Iwo ndi amuna awo akukwanitsa zaka 10 ali pa banja. Ukwati utatha anangobwerera ku ntchito, ndiye pano asunga kangachepe koti akapume ku Asia kwa masabata awiri. Bambowo alemba kale mndandanda: mapaki a zosangalatsa a Disney ku Tokyo ndi a Universal ku Osaka, kenako Seoul, Shanghai, Hong Kong ndi Singapore. Mayiwo mtima wawo uli pa misika ndi zakudya, ndipo akufunsa kuti ayambire pati. Kumapeto kwenikweni, ngati angokumbukira, awonjezera kuti achibale akuwanena kuti n'kutaya ndalama, anthu akuluakulu kukasewera za ana.

Achemwali, za mndandanda tifikako. Mawu omalizawo ndi amene andiyabwa, chifukwa nanenso anandinenapo.

Titauza abale kuti ine ndi bambo a kwathu tikupita ku Japan, alamu anga ena sanafunse n'komwe kuti tikukaona chiyani. Anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengera kuti tikiti imodzi ya ndege ndi matumba angati a simenti. Ankawerengera mokweza, pakhonde, aliyense akumva. Atamaliza simenti analowa ku malata. Ine ndinangoseka, poti mlamu sayankhidwa pagulu, koma mumtima munali moto. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ndalama ya chinkhoswe, ya perekaniperekani, ya yunifolomu yosoketsa imene uivale tsiku limodzi n'kuiiwala mu sutikesi, palibe amene amaisandutsa simenti. Imeneyo ndi ndalama yolemekezeka chifukwa yadyedwa anthu akuona. Koma anthu awiri amene alipira fizi ya ana awo ndi ya ana a eni, amene pa maliro alionse dzina lawo limapezeka m'kope la zopereka, akangonena kuti tsopano tikufuna kukaseka tokha, basi asanduka osaganiza. Ine zimenezo ndinazikana ndipo ndikuzikanabe. Ngati ana adya, lendi yalipidwa, ndalamayo si ya katapila kapena ngongole ya ku banki mkhonde, palibe amene muyenera kumuwerengera. Ikakhala ya ngongole ndiye nkhani ina, pamenepo ngakhale ine ndikhala mbali ya alamu.

Nanga zoti ndi za ana? Amene amanena zimenezo sanaimepo pa geti la Tokyo DisneySea m'mawa. Anthu amafika kusanatsegulidwe, n'kuyala timphasa tapulasitiki pansi, kudikira mwakachetechete. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna anawo. Analipo, koma ochepa. Ochuluka anali achinyamata ogwirana manja, atsikana ovala zofanana, ndi agogo awiri amene anali patsogolo pathu, imvi mbuu, onse atavala makutu a Mickey popanda wochita manyazi. Pakiyi inatsegulidwa mu 2001 pafupi ndi Tokyo Disneyland ya 1983, ndipo anaimanga moganizira akuluakulu: muli doko looneka ngati la ku Italy, phiri lotulutsa utsi pakati, mabwato, malo odyera okhala pansi, ngakhale mowa amagulitsa. Mapaki awiriwa eni ake si Disney ya ku America, ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Oriental Land imene imalipira kuti igwiritse ntchito dzinalo. DisneySea ilipo imodzi yokha pa dziko lonse. Ngati bambo a kwanu atakakamizidwa kusankha paki imodzi pa mndandanda wonsewo, asankhe imeneyi, ndipo pamenepa sindikufuna mtsutso.

Ndisaiwale za mbuliwuli. Kumeneko amathiramo curry, ena soy sauce ndi batala, ndipo anthu amafola mzere wautali chifukwa cha mbuliwuli basi. Bambo a kwathu anati sangafole mzere wa chimanga atachoka ku dziko la chimanga. Anafola. Anagulanso kachiwiri.

Tsopano vuto lenileni, limene ndikuliona likubwera kwa inu. Bambo a kwathu ndi munthu wa mapepala. Ulendo wonse anaulemba pa kompyuta, ola ndi ola, mpaka nthawi yopita kokadzithandiza inatsala pang'ono kulembedwa. Iwo amakonda chilichonse chothamanga ndi chozondotsa munthu. Ine ngakhale katungwe wa pa mtengo wa mango ndimamuopa. Masiku a ku Tokyo ndinapirira. Paki si malo opumulira: umadzuka kusanache, umayenda kolido yosatha ya pa Tokyo Station kuti ukapeze sitima ya Keiyo Line yopita ku Maihama, kenako umaima ndi kuyenda mpaka usiku. Mzere wa chinthu chotchuka ukhoza kudya maola awiri, kukwera kwake mphindi zosakwana zisanu. Pofika ku Osaka mapazi anga anali atatupa, ndipo pa pepala panalembedwa Universal Studios Japan, kutsegula mpaka kutseka. Muli chinthu chotchedwa Flying Dinosaur chimene amakumangirira chafufumimba, nkhope kuyang'ana pansi, n'kukuulutsa. Bambo ankachitchula ngati dzina la mwana wawo woyamba.

Usiku umenewo tinalankhulana mawu olimba ndithu, motsitsa mawu chifukwa makoma a mahotela a kumeneko samasunga chinsinsi. Mathero ake anali akuti m'mawa aliyense ayende yake. Iwo anapita ku paki. Ine ndinakwera sitima ya ku Kyoto, ulendo wa pafupifupi theka la ola, n'kukafika ku Fushimi Inari, kachisi wa zipata zofiira zikwizikwi zokwera phiri, kumene salipiritsa khomo ndipo satseka. Ndinakwera mpaka pamene miyendo inakana, ndinakhala pansi, ndinadya, palibe amene anandiuza kuti nthawi yatha. Pobwerera ndinadutsa pa msika wa Kuromon ku Osaka kukaona nsomba zimene sindinazionepo chibadwire. Madzulo tinakumana ku Dotonbori, m'mbali mwa ngalande ya magetsi ambirimbiri, tikudya takoyaki, timipira ta ufa tokhala ndi nyama ya octopus m'kati, wotentha mpaka kupsa lilime, aliyense akulimbirana kufotokoza zake. Iwo anali atakwera zambiri kuposa mmene akanachitira ndi ine, chifukwa ku Universal zinthu zina zili ndi mzere wa munthu woyenda yekha, umene nthawi zambiri umafulumira.

Kwathu kuno tikaona mwamuna ndi mkazi apita kosiyana pa ulendo umodzi timati ayambana. Ayi. Chimene chimayambanitsa ndi kukokerana: wina kuima pa mzere wa chinthu chimene akuchiopa, nkhope itakwinyika, winayo kuyenda mu msika akuyang'ana wotchi. Lembani tsiku losiyana limeneli pa pepala musananyamuke, mukadali okondana, lisachite kubadwa ndi mkangano.

Tibwere ku mndandanda wa bambo aja. Ukumveka ngati kondakitala wa minibasi akuitanira masiteji. Mizinda 6 m'masiku 14, musanachotsepo n'komwe masiku a m'ndege, chifukwa kuchoka ku Lilongwe kapena ku Chileka kudzera ku Addis Ababa mpaka ku bwalo la ndege la Narita ku Tokyo ndi tsiku lathunthu kupita, lina kubwera. Japan ili maola 7 patsogolo pathu, Hong Kong ndi Singapore maola 6, kotero masiku oyamba thupi limafuna kugona masana n'kudzuka pakati pa usiku. Kusamuka kulikonse kuchoka dziko lina kupita lina kumadya tsiku: kulongedza, sitima ya ku bwalo la ndege, kufola, kudindidwa, kufunafuna hotela. Mukawerengera bwino mupeza kuti mwapita ku Asia kukaona mabwalo a ndege. Komanso mapakiwa amafanana kuposa mmene zithunzi zimaonetsera. Mukaona Disney ziwiri za ku Tokyo, Disney yachitatu ndi yachinayi sizikudabwitsaninso. Universal ya ku Singapore, imene ili pa chilumba cha Sentosa, ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya ku Osaka, ndipo Super Nintendo World, chigawo cha masewera a Mario, imene anthu amathamangira ku Osaka chitsegulireni mu 2021 simukaipeza kumeneko ngati mmene ilili ku Japan. Shanghai Disneyland ya 2016 ili ndi zake zapadera, sindikana, koma China ndi ulendo wakewake: viza yake, kulipira kwa pa foni kudzera pa Alipay kapena WeChat, ndipo WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa intaneti ya m'dzikomo. Muwauza bwanji amayi kuti mwafika bwino?

Ndipo mavizawo. Ndi pasipoti ya Malawi, Japan imafuna viza, China imafuna viza, South Korea imafunanso. Iliyonse ndi mafomu, zithunzi, sitetimenti ya ku banki, kalata ya ku ntchito, ndi kudikira. Ofesi za kazembe wa Japan ndi wa China zili ku Lilongwe, ndiye inu a ku Blantyre onjezeranipo ulendo wa pa M1. Viza zitatu chifukwa cha masabata awiri ndi chilango chodzipatsa wekha.

Sindinalowe n'komwe nkhani ya forex, imene ndi imene imapha maulendo ambiri asanabadwe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha kunja ndi khadi la kuno akudziwa ululu wake. Matikiti a mapaki a ku Tokyo amagulidwa pa intaneti, a tsiku lenileni limene mukalowe, ndipo mtengo umasintha malinga ndi tsikulo, mu 2024 unali kuyambira 7,900 mpaka 10,900 yen munthu mmodzi. Kudumpha mzere nakonso n'kolipira padera, mozungulira 2,000 yen pa chinthu chimodzi. Khadi langa linakanidwa kangapo usiku umodzi ndikuyesa kugula, ndipo m'mawa mwake ku banki, imene sinditchula, mtsikana wa pa kauntala anandiyang'ana ngati ndapempha chiwindi chake. Yambani msanga. Lipirani zinthu pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndege kaye, kenako hotela, kenako mapaki, ndipo kafunseni ku banki yanu malire a khadi lanu ndi zimene akufuna kuti akugulitseni ndalama ya m'thumba. Musadikire sabata yonyamuka.

Ndiye muyambire pati?

Sankhani mizinda iwiri, basi. Njira zilipo ziwiri.

Ngati uwu ndi ulendo wanu woyamba wakutali ndipo simukufuna za maviza, tengani Hong Kong ndi Singapore. Konseku a Malawi amalowa popanda viza yokonzeratu, ngakhale ndi bwino kutsimikiza musanagule tikiti poti malamulo otere amasintha. Chingerezi chimamveka, sitima za pansi pa nthaka n'zosavuta, ndipo pakati pa mizindayi ndi maola pafupifupi 4 pa ndege. Bambo apeza Hong Kong Disneyland pa chilumba cha Lantau, Ocean Park, ndi Universal ya ku Sentosa. Inu mupeza Star Ferry yowoloka doko pa ndalama yochepa kwambiri, sitima ya Peak Tram imene yakhala ikukwera phiri kuyambira 1888, misika ya usiku ya ku Mong Kok ndi Temple Street, ndi malo odyera a anthu wamba a ku Singapore monga Maxwell, kumene mpunga wa nkhuku umakoma kuposa wa mu hotela. Pewani sabata yoyamba ya October ndi chaka chatsopano cha Chitchaina, alendo ochokera ku China amadzaza paliponse. Nyamulani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, chifukwa Singapore imalifuna kwa amene akhalitsa maola opitirira 12 pa bwalo la ndege la dziko ngati Ethiopia kapena Kenya.

Ngati mtima wa bambo uli pa mapaki enieni, Tokyo ndi Osaka, viza imodzi. Masiku a paki asapitirire anayi, ndipo asatsatizane: lero paki, mawa mzinda. Pitani pakati pa sabata. Pewani tchuthi cha Golden Week cha kumapeto kwa April mpaka pa 5 May, pewani pakati pa August pamene kumatentha koopsa ndipo dziko lonse lili pa tchuthi, ndipo dziwani kuti September ndi mwezi wa mphepo zamkuntho. Kumapeto kwa May kapena November ndi bwino. Sitima yothamanga kwambiri ya Shinkansen imatenga maola awiri ndi theka kuchoka ku Tokyo kufika ku Osaka, kupita ndi kubwera pafupifupi 30,000 yen, ndiye musanyengedwe ndi JR Pass, tikiti yokwerera sitima mmene mungafunire kwa masiku 7, imene inakwera kufika 50,000 yen mu October 2023. Ku Universal gulani Express Pass, tikiti yodumphira mizere, ikangotuluka ngati thumba likulola, chifukwa imatha msanga.

Ine ndikanasankha Japan, koma ine si amene ndikalipire.

Chinthu chimodzi chimene palibe anatiuza: posungitsa hotela ku Japan muona zipinda zotchipa zolembedwa semi-double. Bedi lake ndi la masentimita pafupifupi 120 m'lifupi, ndipo chipindacho sutikesi ziwiri sizitseguka nthawi imodzi. Ngati bambo a kwanu ali ndi thupi ngati a kwathu, lipirani yowonjezerayo mutenge double yeniyeni kapena twin.