Tidya Chiyani Lero? Mafunso Anu pa Zokonzeratu Chakudya cha Pabanja

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: makolo ali kuntchito kapena kugeni tsiku lonse, nthawi yophika ndi yochepa, ndipo ndalama ya ndiwo ikutha mwezi usanathe. Tasankhapo angapo, ndipo akuyankha ndi alangizi athu a zakadyedwe ndi kasamalidwe ka pakhomo.

FUNSO: Alangizi, ine ndi abambo akunyumba tonse timagwira ntchito m'tauni, timafika pakhomo cha m'ma 6 koloko madzulo. Tsiku lililonse ndikatsika minibasi ndimazungulira pamsika osadziwa chogula. Nsima timadya 9 koloko ana akusinza, ndipo pofika pa 20 ndalama ya chakudya imakhala itatha. Anzanga akuti ndizilemba ndandanda wa zakudya. Ndiyambire pati?
Mayi wa ana atatu, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, ndandandawo ubwera pambuyo. Choyamba dziwani mmene zinthu zimathera m'nyumba mwanu. Tengani kope lakale la mwana, muzilembamo tsiku limene mwatsegula chinthu ndi tsiku limene chatha: ufa, mafuta ophikira, shuga, nyemba, thumba la makala. Mabanja ambiri sadziwa kuti botolo la mafuta la malita 2 limawakhalira masiku angati. M'botolo limenelo muli masipuni aakulu pafupifupi 130. Mukamathira masipuni anayi patsiku, mwezi umatha mafuta alipo. Mukamangopendeketsa botolo pamwamba pa poto, masabata atatu sakwana. Chimanga nachonso chili ndi masamu ake. Thumba la makilogalamu 50 mukagayitsa mgaiwa limabwerako pafupifupi lonse, koma mukakonoletsa kuti mudye ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limathera ku madeya ndi m'madzi oviikira mphale.

Mukadziwa zimenezi, patulani mphindi 20 Loweruka kapena Lamulungu masana. Yambani mwayang'ana zimene zatsala m'kabati, kenako lembani ndiwo zamadzulo zokha za masiku asanu ndi awiri. Nsima, mpunga kapena mbatata sizivuta kusankha. Chimene chimazunguza mutu madzulo ndi ndiwo.

Polemba, tsatirani zinthu ziwiri. Choyamba ndi nthawi ya pamoto. Masiku amene mumafika mochedwa ikani ndiwo zopsa m'mphindi 15 kapena 20: mazira, usipa, nyama ya soya, kabichi. Nyemba, zam'kati, nyama ya ng'ombe ndi nkhuku yachikuda zidikire Loweruka ndi Lamulungu. Chachiwiri ndi kafulumiridwe ka kuwonongeka. Mpiru, nkhwani ndi bonongwe zimafota pa masiku awiri, choncho zidyedwe koyambirira kwa sabata. Kabichi, karoti ndi zitheba zimapirira, zisiyeni za Lachinayi ndi Lachisanu.

Zogula nazo zigaweni patatu. Zapamwezi ndi ufa, mpunga, mafuta, shuga, mchere, nyemba ndi makala, ndipo mugule tsiku lomwelo malipiro atuluka. Zapasabata ndi tomato, anyezi, mazira, kabichi ndi nsomba zouma. Zotsala zogula podutsa ndi masamba okha. Ndalama yotsala mutagula zapamwezi igaweni pasanu, osati panayi, chifukwa mwezi uli ndi masabata anayi ndi timasiku tina tiwiri kapena titatu, ndipo timasiku timeneti ndi timene timagwetsera anthu m'ngongole paokala. Ufa wa m'timajumbo ting'onoting'ono, wotchedwa walkman, ndi mafuta a m'timachubu zimaoneka zotchipa pogula, koma mukaphatikiza mwezi wonse ndiye zodula kuposa zonse.

Pepalalo limateni pakhoma la khitchini. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chakudya sichidikiranso inu. Abambo akafika msanga, kapena mwana wamkulu akaweruka kusukulu, angowerenga kuti lero ndi usipa ndi mpiru, n'kuyamba kusonkha moto ndi kudula masamba.

FUNSO: Kodi ndandanda subweretsa kubwereza zakudya? Ana anga akuti atopa nazo nyemba ndi usipa.
Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Bambo, kubwereza kumachuluka pamene palibe ndandanda, chifukwa munthu wotopa amagula zimene anazolowera. Pa pepala mumaona ndi maso kuti nyemba zalowa kanayi sabata imodzi.

Yesani sabata yanu ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Gulu limene limasowa kawirikawiri m'mabanja a m'tauni ndi zipatso. Lembani chipatso cha nyengo yake, ndicho chotchipa: mango kuyambira Novembala mpaka Januwale, mapeyala ndi magwafa kumapeto kwa dzinja, manachesi ndi malalanje nyengo yozizira, nthochi ndi mapapaya pafupifupi chaka chonse. Chipatso chokhala ndi vitamini C chikadyedwa pamodzi ndi nyemba kapena masamba chimathandiza thupi kutenga ayironi, pomwe tiyi womwera pachakudya amachepetsa zimenezo.

Ndiwo imodzi ikhoza kuphikidwa mosiyana. Usipa lero wokazinga ndi tomato, sabata yamawa wotendera. M'malo mwa nyemba tsiku lina ikani nandolo kapena khobwe. M'mawa, pamalo pa buledi, konzani futali wa mbatata yofiira mkati, imene ili ndi vitamini A wambiri, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Ndipo mwana aliyense mupatseni tsiku limodzi losankha ndiwo mwa ziwiri zimene mwamuuza. Mwana sakonda kunyoza chimene wasankha yekha.

FUNSO: Ndinaphika nyemba zambiri Lamulungu kuti tidye sabata yonse, koma pofika Lachitatu zinali zitasasa ngakhale zinali mufiriji. Kwathu magetsi amazimazima. Ndinalakwitsa pati?
Namwino wa ku Mzuzu

YANKHO: Anamwino, kuphikiratu ndi nzeru yabwino, ndipo musaileke. Nthawi zambiri nyemba zimasasa pa zifukwa zitatu: zinakhalitsa panja zisanalowe mufiriji, zinalowa ndi poto wake wamkulu, kapena zinali zothira kale tomato ndi anyezi.

Poto wamkulu amachedwa kuzizira. M'mbali muzizira, koma pakati pamakhala pofunda kwa maola ambiri, ndipo tizilombo timaswana bwino pofundapo. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Mukaphula, gawani nyembazo m'makontena osaya, aliyense wokwana kudya kamodzi, ndipo akasiya kutuluka nthunzi vundikirani n'kulowetsa. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limadya pafupifupi theka la kilogalamu ya nyemba zouma pachakudya chimodzi, choncho makilogalamu awiri akupatsani makontena anayi. Zisungeni zongowiritsa ndi mchere. Tomato, anyezi ndi mafuta muzithira tsiku lodya, ntchito ya mphindi 10 yokha, ndipo zimakoma ngati zaphikidwa kumene.

Mufiriji wamba zisapyole masiku atatu. Za Lachinayi kupita m'tsogolo ziikeni kouma, mu filiza, ndipo lembani tsiku pachivundikiro. Magetsi akazima, chitseko chisatsegulidwe wamba. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola anayi, filiza yodzaza imapirira pafupifupi masiku awiri, yodzaza theka tsiku limodzi. N'chifukwa chake mipata yotsala mu filiza muzidzaza ndi mabotolo a madzi. Magetsi akabwera, chakudya chimene chidakali ndi ayezi mkati chikhoza kuumanso. Chimene chasungunuka koma chidakali chozizira, chiphikeni tsiku lomwelo. Chimene chafunda, tayani, ngakhale mtima uwawe. Potenthetsa, ziwire mpaka kubwata poto yense, ndipo zotenthetsa kamodzi zisabwererenso mufiriji.

Pa mpunga samalani koposa. Uli ndi tizilombo tina timene sitifa pophika, ndipo mpunga ukagona panja timatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetse. Fungo silikuuzani kanthu. Mpunga wotsala uzizire msanga, ulowe mufiriji, udyedwe mawa lake.

Ponena za moto, viikani nyemba usiku wonse, maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, ndipo nthawi yophika idzachepa kwambiri. Musathire soda kuti zipse msanga, amawononga mavitamini ena. Njira ina yopulumutsa makala ndi dengu: yalani bulangete lakale m'dengu, nyemba zoviika zibwate mwamphamvu mphindi 30, phulani poto ali chivundikirire, mukulungeni bwinobwino pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pakatha maola atatu kapena anayi zapsa. Musazisiye m'dengumo usiku wonse, ndipo ziwiritseninso musanadye.

FUNSO: Ine ndimayendetsa kabaza, mkazi wanga amagulitsa mandasi. Ndalama timapeza patsiku, firiji tilibe. Zokonzeratu chakudyazi si za anthu olandira pamwezi?
Bambo wa ku Chinsapo, Lilongwe

YANKHO: Ayi, bambo, inu ndi amene mungapindule nazo kwambiri, chifukwa mumadziwa kuti pali tsiku labwino ndi tsiku louma. Cholinga chanu chikhale chakuti tsiku labwino lizidyetsa tsiku louma. Mukapeza bwino, musathere yonse pa nyama ya tsiku limodzi. Gulaninso chouma chimodzi: mbale ya nyemba lero, ya mtedza mawa, paketi ya soya kapena mulu wa usipa tsiku lina. Pakhomo pakakhala ufa ndi ndiwo zouma za masiku atatu, mvula ikagwa tsiku lonse kabaza osayenda, ana adya ndithu.

Zouma ndiye firiji yanu. Onjezaninso mfutso. Masamba akatchipa m'dzinja, gulani nkhwani, khwanya kapena chitambe, tsukani, viikani m'madzi obwata othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo yanikani pamalo okwera, podutsa mphepo, mpaka aziphwanyika powagwira. Makolo ankasunga m'zikwatu. Masiku ano chigubu chouma chotsekeka bwino chimagwira ntchito yomweyo. Mfutso wosauma bwino umachita nkhungu.

Usipa nawo uli ndi nthawi yake. Asodzi amaugwira usiku ndi nyali, choncho mwezi ukamawala umachepa n'kukwera mtengo, chimodzimodzi nthawi ya mwera, cha mu Juni ndi Julayi. Gulani wosunga mwezi uli mumdima. Popeza firiji palibe, ziphikani zongokwana tsikulo. Ndipo moto umene mayi amakazingira mandasi m'mawa usamangozima wokha: akaphula mafuta, aterekepo nyemba zoviika.

FUNSO: Kwathu alendo sasowa, abale ochokera kumudzi amangofika osanena. Ndandanda umasokonekera nthawi zonse.
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, mlendo muwerengereni pandandanda pomwepo. Sungani padera ndiwo ya mlendo yosagwidwa masiku wamba: paketi imodzi kapena awiri a soya, usipa wouma, nsinjiro pang'ono, ndipo ufa muziika wa masiku atatu pamwamba pa umene mumadya. Mukagwiritsa ntchito, bwezeretsani pogula zapasabata. Siyaninso tsiku limodzi pasabata losalemba kanthu. Limenelo limameza zotsala ndi zonse zosayembekezeka. Ngati mlendo akhala kupitirira sabata, lembaninso ndandanda ndi chiwerengero chatsopano, musamangoonjezera madzi mumsuzi.

FUNSO: Ndinayesa kugula zambiri nthawi imodzi kuti ndipulumutse ndalama. Tomato anaola, nyemba zinafumbwa, ufa unayamba kuwawa. Kodi kupikula n'kothandizadi?
Mphunzitsi wa ku Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, n'kothandiza pa zinthu zimene muli ndi pozisunga. Chotchipa chimene theka lake lataidwa chimakhala chodula kawiri.

Tomato gulani wa sabata imodzi, ndipo musankhe mitundu itatu: wakupsa wa lero ndi mawa, wofiirira wa pakati pa sabata, ndi wosapsa wa kumapeto. Mutulutseni m'jumbo, muyaleni m'lichero pamthunzi osasanjikiza, ndipo wophwanyika aphikidwe tsiku lomwelo. Mukadutsa pa Lizulu kapena pa Jenda n'kupeza beseni lotchipa, gawanani ndi anzanu awiri kapena atatu. Anyezi ndi mbatata ya kachewere musasunge pamodzi, zimaoletsana. Mbatatayo ikhale pamdima, chifukwa ikaona kuwala imabiriwira, ndipo mbali yobiriwirayo siyoyenera kudya.

Nyemba zambiri zimachoka kumsika zili kale ndi mazira a anankafumbwe. Ziyanikeni padzuwa, petani, ndipo muzitsekere m'chigubu chouma chodzaza mpaka kukamwa kuti mpweya uchepe. Amene ali ndi filiza aziikemo sabata imodzi asanasunge. Musagule za chaka chonse, nyemba zokhalitsa zimauma mtima ndipo zimadya makala ambiri. Chimanga ndicho choyenera kugula chambiri, makamaka kuyambira Meyi mpaka Julayi anthu atangokolola, mtengo usanakwere monga umachitira mu Januwale ndi Febuluwale. Chikhale chouma, cholira poluma, ndipo chisungeni m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, osanjika pamatabwa, osatsamira khoma.

Ufa umene unawawa uyenera kuti unali mgaiwa. Mgaiwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, ndiwo amaupatsa thanzi, koma ndiwonso amauwawitsa ukakhalitsa, makamaka nyengo yotentha. Gayitsani wa masabata awiri kapena atatu okha, ndipo ukachoka kuchigayo uyaleni uzizire musanautsekere m'ndowa. Nsinjiro nazo sinjani za sabata imodzi. Musanasinje, sankhani mtedza umodziumodzi, kutaya wonyala, wakuda ndi wankhungu. Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Mtedza wotayawo musapatsenso nkhuku kapena ziweto zina.