Mafunso Anu: Kavalo wanga watenga bere kapena ayi?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi kavalo wamkazi wa zaka 6, anakweredwa miyezi iwiri yapitayo ndipo chikwereredwe akangoona wamphongo akumamuthira mateche. Nde ndinatapa mkodzo wake mkachitini nkuviikamo kachipangizo koyezera mimba ka azimayi kaja, katuluka mzere umodzi basi, kawiri konse. Mimba yakenso sikukula. Ndiye kuti palibe kanthu eti? Ndimubwezere kwa wamphongo? Ine wowerenga wanu.

YANKHO: Bambo, musamubwezere kaye, ndipo kachipangizoko musawonongerenso ndalama. Kameneko kamasaka homoni ya hCG yomwe imapangidwa m'thupi la munthu woyembekezera, kavalo sapanga imeneyo, ndiye olo atakhala ndi bere la miyezi 10 mzere uzingotuluka umodzi womwewo. Koma ulemu wanu ndithu, kutapa mkodzo wa kavalo osalandira theche si masewera.

Matechewo ndi chizindikiro chabwino koma musadalire kwambiri. Kavalo wamkazi amafuna wamphongo pafupifupi masiku 21 aliwonse, ndipo akafuna simuchita kufunsa, amatukula mchira, kutang'adza miyendo nkumakodza pang'onopang'ono pamaso pa wamphongoyo. Akadutsa masiku amenewo akupinda makutu kumbuyo, kulira ndi kumenya, nthawi zambiri watenga. Vuto ndi loti ena alibe bere koma amangokana, makamaka nyengo yomwe dzuwa limalowa msanga, ena ali nalo koma amaonetsabe ngati akufuna.

Zamimbazo iwalani. Bere la kavalo limatenga masiku pafupifupi 340, miyezi 11 imeneyo, ndipo mwana amakula kwambiri miyezi itatu yomaliza. Panopa ngati alimo ndi wotalika ngati chala chanu basi. Mimba yaikulu pa kavalo kawirikawiri ndi udzu kapena njoka zam'mimba.

Itanani dokotala wa ziweto, pa miyezi iwiri yankho mulipeza tsiku lomwelo. Amavala golovesi yofika paphewa, kulowetsa mkono kotulukira ndowe, kuchotsa ndowezo kaye kenako nkukhudza chiberekero chomwe chili pansi pa thumbolo, ndipo kuyambira masiku 30 dzanja lozolowera limamva kutupa kwa pomwe pali mwana. Chonde izi musayese nokha chifukwa choti munaonerera pa ng'ombe. Thumbo la kavalo silichedwa kung'ambika ndipo likang'ambika kavalo amatha kufa.

Chomwe ndikanakonda mukanachita ndi sikani pa tsiku la 14 mpaka 16 chikwereredwe. Kachipangizo kake kamalowa njira yomweyo ndipo pa sikirini mumaona kadontho kakuda kozungulira ngati batani la malaya, ndiye bere limenelo. Kuthamangira masiku amenewa nchifukwa cha mapasa. Kwa mbuzi mapasa ndi phindu, kwa kavalo ndi tsoka, chiberekero chake sichikwanitsa kudyetsa ana awiri ndipo ambiri amapoloza cha m'miyezi 7 mpaka 9, akabadwa amakhala onyentchera, mayi naye amatha kuvulala pobereka. Tsono masiku oyambawa kadontho kaja kamayendayenda m'nyanga zonse ziwiri za chiberekero (nthambi zake ziwiri zooneka ngati nyanga), kamadzakhazikika malo amodzi cha pa tsiku la 16. Tikakhala tiwiri tisanakhazikike dokotala amatha kutitalikitsa nkufinya kamodzi, kotsalako nkumakula bwinobwino, koma tikamatirirana pamalo amodzi ntchito imavuta zedi. Akamaliza apo amabweranso cha pa tsiku la 25 mpaka 30 kudzaona mtima ukugunda, chifukwa mabere ena amangozimirira masabata oyambawa mwiniwake osadziwa.

Ngati sikani kulibe, pali kuyeza magazi, koma apa mvetsetsani. Kuyambira cha pa tsiku la 40 mpaka 120 magazi a kavalo wabere amakhala ndi homoni ya eCG, wanuyo ali mkati mwa nthawi imeneyi. Msampha wake ndi woti timinofu topanga homoniyi tikamera m'chiberekero cha pa tsiku la 35 timapitiriza ntchito olo mwana atafa, ndiye zotsatira zimati bere lilipo pomwe linachoka kalekale, kavalonso safuna wamphongo mpaka timinofuto titatha tokha. Mwadikira miyezi 11 m'khola mulibe mwana. Yomwe imatsimikiza kuti mwana ali moyo ndi oestrone sulphate, iyo imayezedwa m'magazi kapena mumkodzo bere likapitirira masiku 100, chifukwa pamafunika mwana wamoyo kuti ichuluke. Homoni ya progesterone yokha ikatsika m'miyezi yoyambayi imakuuzani kuti palibe, ikakwera siitsimikiza kanthu.

Adokotala akabwera muwauze tsiku lenileni lomaliza kukweredwa, ngati munalemba, ndipo muwapemphe ayang'ane nyanga zonse ziwiri poti sikani ya mapasa ija inakudutsani. Akapeza kuti mulibe kanthu afufuzenso ngati chiberekero chili ndi matenda musanalipirenso wamphongo.