Musanagule kanthu, yambani mwafunsa anamwino

Achemwali, mwafunsa kuti gulu lanu ligule chiyani ndi ndalama zomwe mukusonkhetsa zothandizira chipatala. Ine ndikuti choyamba kakhaleni pansi ndi anamwino komanso akuluakulu a chipatalacho, chifukwa iwo ndiwo akudziwa pomwe denga likudontha. Ambiri timathamangira makina akuluakulu, koma makina ofuna magetsi osadukiza, opanda wowakonza kapena zida zosinthira, amangokhala pakona kuchita fumbi. Zimandipweteka ndikaona zotere.

Yambani ndi matiresi okutidwa ndi pulasitiki osavuta kupukuta, mabulangete, njinga zonyamulira odwala ndi makina oyezera BP. Odikirira odwala musawaiwale, nawonso amafuna mabenchi ndi pogona.

Ndalamazo zikhale ku banki, osayinira akhale atatu, ndipo malisiti muziwaonetsa kwa onse omwe asonkha.