Madontho akuda pa alovera wa pawindo

Achemwali a ku Leeds, ku England, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati alovera wanu wa pawindo la kukhitchini watuluka madontho akuda ozungulira, ena okhala ndi mkombero wachikasu, ndipo akufalikira masamba ena ngakhale mukumupopera madzi m'mawa uliwonse. Pa mawu akuti "ngakhale mukumupopera" m'pamene mtima wanga unalumpha, chifukwa alovera wa mayi anga anafa imfa yomweyo, m'manja mwangamu.

Kwathu ku Thyolo, mayi anali ndi alovera kuseri kwa khitchini, pamulu wa miyala pomwe munthu sankathirirapo. Mwana akapsa ndi phala, ankathyola tsamba, kuling'amba pakati, n'kupaka zoterera zam'katizo pomwe wapsapo. Atamwalira, abale anagawana nsalu ndi mapoto. Ine ndinazula kamwana kamodzi ka aloverayo n'kubwera nako ku Chilomoni, komwe ndinkachita lendi nyumba ya mawindo ang'onoang'ono. Ndinakabzala m'chigubu cha penti chopanda bowo pansi, m'dothi lakuda la kudimba, n'kukaika pawindo la kubafa kuti ndizikaona tsiku lililonse. Kanakula bwino zaka ziwiri, mpaka kubereka tiana. Kenako munthu wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu anandiuza kuti duwa la m'nyumba limafuna kulipopera masamba kuti liziwala. Ndinagula kabotolo kopopera tsiku lomwelo.

Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitamanga sabata yonse. Amene munakhalako ku Blantyre mukuchidziwa: kamvula kowaza, nkhungu mpaka masana, zovala pachingwe osauma. Ine mawindo ndatseka poopa kuzizira, nthunzi ya madzi osamba ikudzaza bafa, ndiye n'kumawonjezera kupopera. Madontho anayamba ngati pobaya singano. Patapita milungu iwiri anali olowa m'kati, akuda, ena atalumikizana.

Ndinadzamvetsa mochedwa chimene chinachitika. Madontho amenewa amabwera ndi fangasi (gulu la bowa ndi chuku), ndipo pa alovera amene amapezeka kawirikawiri ndi a mitundu ya Alternaria ndi Colletotrichum. Timbewu tawo n'tosaoneka ndi maso, timayenda ndi mphepo komanso ndi madzi othovuka kuchoka patsamba lina kugwera pa linzake. Tikatera patsamba louma timangokhala, koma tsamba likanyowa maola angapo timamera n'kulowa m'kati. Mlimi aliyense wa matimati amadziwa kuti chiwawu chimavuta dzinja, masamba akamagona onyowa. Nkhani yake ndi yomweyi, kungoti ife mvulayo timadzipangira tokha ndi kabotolo.

Ndiye ndinene mosapita m'mbali: kupopera alovera madzi n'kulakwa, kaya wakuuzani ndani. Mbewu imeneyi kwawo ndi ku Arabia, kumapiri ouma a ku Oman. Masamba ake onenepawo ndi nkhokwe ya madzi, ndipo timabowo topumira tapatsamba imatsegula usiku kuti isataye chinyezi masana. Mbewu yotere mukaithira madzi pamasamba simukuipatsa chimene ikusowa. Wina anena kuti nanga achibale ake akuthengo a paphiri la Zomba ndi Mulanje, aja amachita maluwa ofiira nyengo yozizira, chiperoni sichiwagwera? Chimawagwera ndithu, koma iwo amamera m'ming'alu ya matanthwe pomwe madzi sakhalitsa, mphepo ikuwomba, dzuwa likangotuluka auma. Pawindo la khitchini ku Leeds mu Januwale, mphika ukuwira, galasi likutuluka thukuta, dzuwa likulowa cha m'ma 4 koloko, tsamba liuma nthawi yanji?

China chimene chimandipweteka ndi chizolowezi chathu chothamangira mankhwala. Inenso ndinatero. Mlongo wanga amalima matimati ku Ntcheu, ndiye ananditumizira Dithane m'kapepala. Ndinasungunula mosayeza, n'kupopera m'bafa momwemo, momwe ana amasamba. Lero ndikaganiza thupi limachita tsemwe. Mankhwala amene ali mu Dithane, mancozeb, mayiko a European Union anawaletsa mu 2020, ndipo ngakhale kwathu kuno komwe akugulitsidwa, ndi a kumunda, osati a m'chipinda chotseka. Komanso sachiza tsamba lodwala kale. Amangokuta tsamba lamoyo kuti timbewu tatsopano tisamere. Dontho lakuda likabwera labwera, silifufutika, chipsera chake chimakhala mpaka tsambalo litafota. Ine poona madontho sakuchoka ndinkawonjezera kupopera, madziwo n'kumatsikira pakati pa masamba n'kudikha pamtima pa mbewu. Tsiku lina nditagwira tsamba lapakati linangosololoka, tsinde litafewa, likununkha. Ndinakhala pansi m'bafamo n'kulira maliro a mayi kachiwiri.

Chochita tsopano

Kabotoloko kabiseni lero. Muchotseni alovera pafupi ndi maluwa ena, ndipo mumuchotsenso kukhitchini, apite pawindo lowala kwambiri m'nyumbamo (kwanuko ndi loyang'ana kumwera), pomwe mpweya ukuyenda, masamba osakhudza galasi. Masamba amene madontho achuluka aduleni patsinde penipeni ndi mpeni wakuthwa, ndipo muzipukuta mpeniwo ndi spiriti mukadula tsamba lililonse. Odulawo atayeni m'bini, asalowe m'manyowa. Podulapo pasiyeni paume pokha. Tsamba la dontho limodzi louma, losakula, lisiyeni, likudyetsabe mbewu.

Kuthirira, thirani padothi pokha, m'mawa, ndipo pokhapokha mukapisa chala n'kupeza dothi louma mpaka pansi. M'nyengo yozizira kumeneko kamodzi pamwezi n'kokwanira. Madzi otsalira m'kambale kapansi akhuthuleni. Ngati mphika wake ulibe mabowo, musamutsireni mu wadothi wobooka pansi, dothi lake mutasakaniza theka ndi theka ndi mchenga wokhakhala kapena timiyala.

Mankhwala muwaganizire pokhapokha madontho atsopano akupitirira kutuluka patatha milungu itatu kapena inayi. Gulani olembedwa kuti ndi a fangasi pa maluwa a m'nyumba, tsatirani muyeso wake, poperani panja. Ndipo tsamba lopoperedwa mankhwala musadzalipakenso pakhungu la mwana kapena kulidya.

Onetsetsaninso kuti ndi fangasidi. Tsamba lopsa ndi dzuwa limachita chigamba chotuwa mbali yoyang'ana kuwindo yokha, ndipo sichisamukira masamba ena. Zimene mwafotokozazi, madontho ozungulira a mkombero wachikasu amene akuyenda, zikufanana ndi zomwe ndinaona ine.

Musanagone usiku uno gwirani tsinde lake pamwamba pa dothi. Ngati lili gwa, apulumuka. Ngati lafewa, musataye nthawi ndi mayi wake, zulani tiana tam'mbali topanda madontho, tisiyeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti pothyokapo paume, tibzaleni m'dothi louma, n'kudikira sabata musanathire madzi. Ine ndinapulumutsa titatu. Kamodzi kanafa, tiwiri tili pakhonde m'miphika yadothi, ndipo kamodzi mwa tiwirito kali ndi chipsera chakuda patsamba lapansi mpaka lero. Mundilemberenso mwezi ukatha, mundiuze ngati masamba atsopano apakati akutuluka oyera.