Mowa wa m'botolo usalowe mu brownies a munthu amene gluteni imamudwalitsa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu. Amuna awo anauzidwa kuchipatala kuti asiye zakudya za tirigu ndi za mkaka, ndipo mayiwa apeza kaphikidwe ka makeke a chokoleti otchedwa brownies, amene amathiramo mowa wakuda. Akufunsa ngati angagule botolo la mowa wakudawo, wotchedwa stout, n'kuwaphikira bambowo pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo. Mayi, pa za botololo yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikupemphani mundipirire pofotokoza, chifukwa funso lanu landikhudza pamalo pamene mpaka lero pamandiwawa.

Mowa wa m'botolo umene timaudziwa kuno, kuyambira pamene Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, umafulidwa ndi chimera cha barele. Barele ali m'gulu limodzi ndi tirigu ndi mbewu ina yotchedwa rye, ndipo zitatuzi ndi zimene zili ndi gluteni. Anthu ambiri amaganiza kuti kutentha kwa uvuni kumaipha gluteniyo monga kumaphera tizilombo ta m'madzi, koma gluteni ndi puloteni, ndipo imakhalamobe m'keke ngakhale itapsa bwanji. Choncho mukhoza kugula ufa wodula wopanda gluteni, kupewa batala ndi mkaka mosamala kwambiri, kenako n'kuwononga zonsezo ndi theka la kapu ya stout. Amene analemba kaphikidwe kamene mwapezako mwina ali kudziko kumene mowa wolembedwa kuti gluten-free umapezeka m'sitolo iliyonse. Mowa wotero umafulidwa ndi mapira, mpunga kapena mawere, ndipo muyezo wa padziko lonse wa Codex Alimentarius umafuna kuti gluteni isapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Ine sindinauonepo mowa wotero pa Boma pano pa Mchinji.

Ndimalankhula mwamphamvu chonchi chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga, amene ndinamulera m'nyumba mwanga muno. Mwanayu anali wowonda kwambiri, mimba yake inali yotupa nthawi zonse, ankatsegula m'mimba pafupipafupi, ndipo magazi ankamuchepera ngakhale tinkamupatsa mankhwala owonjezera magazi. Tinamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba kangapo konse popanda kusintha. Abale ena anayamba kunong'ona kuti pali dzanja la munthu, ndipo dzina la gogo wina wosalakwa wa kumudzi kwathu linayamba kutchulidwa pamaliro ndi pazitsime. Chimene ndimasweka nacho mtima n'chakuti pofuna kumunenepetsa tinkamugulira sikono ndi mandasi m'mawa uliwonse, n'kumuthirira mkaka wambiri mu tiyi, poganiza kuti ndiye chakudya cha ulemu chimene mwana wodwala ayenera kudya. Dokotala wina wa ana ku Lilongwe ndi amene anakayikira matenda otchedwa coeliac, anamuyeza magazi, ndipo anatifotokozera zimene zinkachitika m'thupi mwake. Munthu wa matendawa akadya gluteni, chitetezo cha thupi lake chimaukira khoma la matumbo aang'ono n'kufafaniza timinofu tating'onoting'ono timene timayamwa chakudya, moti amadya ndithu koma thupi silipindula kanthu. Matumbo owonongeka chotero amalepheranso kugaya shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose, ndipo n'chifukwa chake ambiri amauzidwa kusiya zonse ziwiri nthawi imodzi, monga anauzidwira amuna anu. Kwa ena vuto la mkakali limatha matumbo akachira, koma la gluteni ndi la moyo wonse.

Titasiya tirigu mwanayu anasintha pamaso pathu, ndipo lero ndi mtsikana wamphamvu amene ali ku sekondale. Koma nkhondo yaikulu inayamba atachira, chifukwa anthu sankakhulupirira. Pa ukwati wina mayi wachikulire anamukakamiza keke, akumati kachidutswa kamodzi sikangaphe munthu, ndipo mwana poopa kuoneka wamwano anadya, n'kugona masiku angapo akubuula. Ena ankati tikumuphunzitsa kunyada, ena ankati amenewa ndi matenda a azungu amene tawatola pa intaneti. Ine ndimakana mawu amenewa ndi mtima wanga wonse. Akatswiri amayerekeza kuti padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 ali ndi coeliac, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa. Amene anatulukira kuti gwero lake ndi tirigu ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, yemwe anaona kuti pa njala ya m'chaka cha 1944 mpaka 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabweranso anadwalanso. Makolo athu ankadya nsima, mawere, mapira, chinangwa ndi mbatata, zomwe zonse zilibe gluteni, choncho munthu akanatha kubadwa ndi vutoli n'kukalamba osadwala nalo. Lero buledi, mabisiketi, mandasi ndi sipageti zafika pa malo a malonda aliwonse, kuyambira pa Kamwendo mpaka pa Chinkhoma, ndipo sizodabwitsa kuti matupi ena ayamba kudandaula.

Pano ndionjezepo mawu kwa owerenga ena amene angadzikayikire atawerenga izi. Musasiye tirigu musanayezetse, chifukwa kuyeza magazi kwa matendawa kumafuna kuti munthu akhale akudyabe gluteni, apo ayi zotsatira zimaoneka ngati ali bwino pamene akudwala.

Chimene chimandipatsa chimwemwe pa funso lanu, mayi, n'chakuti mwa makeke onse, brownies ndi amene safuna gluteni kwenikweni. Buledi amafuna gluteni kuti agwire mpweya wa yisiti n'kufufuma, koma brownies abwino sayenera kufufuma, amayenera kukhala olemera, onyowa pakati, okhala ndi kachikhungu kopyapyala kong'ambika pamwamba. Chimene chimawagwira ndi mazira ndi shuga, ndipo ufa umangolowamo pang'ono. Anthu akunja amagula ufa wa mtedza wa kwawo wotchedwa almond pa mtengo wokwera kuti apeze kukoma kumene ife a ku Mchinji ndi Kasungu tili nako m'nkhokwe. Nsinjiro za mtedza wa Chalimbana kapena CG7 zili ndi mafuta ake, zimanunkhira, ndipo zimagwirizana ndi koko kuposa ufa wina uliwonse umene ndinayesapo. Zimandiwawa kuona alimi athu akugulitsa mtedza kwa mavenda pa mtengo wolira, pamene ife m'tauni tikusirira mapaketi ochokera kunja amene sakuposa chimene talima tokha. Chokhacho, sankhani mtedza wanu ndi manja, mutaye wonyala, wosweka ndi wa chuku, chifukwa poizoni wochokera ku chuku, wotchedwa aflatoxin, naye sathawa moto, ndipo musagule nsinjiro zosinjasinja zimene simukudziwa kuti zachokera ku mtedza wotani.

Tsopano nanga mowawo? Ntchito ya stout mu brownies ndi kubweretsa fungo la chimera ndi kakuwawa pang'ono kamene kamachititsa chokoleti kumveka mozama. Fungo la chimera limenelo ife tinalidziwa kalekale mu thobwa ndi m'masese. Chimera cha mawere, cha mapira kapena cha chimanga chilibe gluteni, ndipo masese ofulidwa ndi zimenezi zokha ndiwo mowa umene ungalowe m'keke ya amuna anu. Koma muyenera kumudziwa wofulayo ndi kumufunsa zimene waikamo, chifukwa ena amaonjezera zinthu zina kuti mowa upse msanga. Mowa wa mapira wa m'mapaketi ndi m'mabotolo musaukhulupirire chifukwa cha dzina lokha, pakuti makampani ena amasakanizamo barele. Ngati pa chikutiro sipanalembedwe momveka zonse zimene zilimo, usiyeni. Ine kwathu ndimathira thobwa logona, limene layamba kuwawasa, lomwe ndaphika ndekha ndi chimera cha mawere, ndipo ndimaona kuti ndiyo njira yabwino koposa. Chifukwa china n'chakuti mowa sutha wonse pophika monga ambiri amanenera. Gawo lina limatsalamo ndithu m'keke yophikidwa kwa mphindi zochepa chotere. Pa tsiku lokumbukira kubadwa pamakhala ana, amayi oyembekezera ndi anzathu a mpingo amene salawa mowa, ndipo si bwino kuwadyetsa chinthu chimene akanachikana akanadziwa. Mukasankha masese, auzeni anthu asanadye.

Zina zobisika m'kabati

Majarini ambiri ali ndi mkaka wa ufa kapena whey (madzi a mkaka otsala popanga tchizi), choncho gwiritsani ntchito mafuta ophikira, makamaka a mpendadzuwa chifukwa alibe fungo lamphamvu. Mazira si mkaka, ndipo aloleni alowe. Gulani koko weniweni wopanda chosakaniza chilichonse. Milo ali ndi chimera cha barele komanso mkaka, ndipo ufa wambiri wa chokoleti chakumwa uli ndi mkaka. Ngakhale chokoleti chakuda cha m'mapaketi chimatha kukhala ndi mafuta a mkaka, choncho werengani. Baking powder wina amasakanizidwa ndi sitachi ya tirigu, koma mwayi wake n'ngwakuti kaphikidwe kanga sikamufuna. Sefa, mthiko ndi chiwaya zimene munaphikira mandasi zimasunga fulawa m'ming'alu, ndipo ine ndinagula zina zapadera za mwana uja zimene sizikhudza tirigu. Mpunga wokagayitsa muutengere ku chigayo chimene mukudziwa kuti sichigaya tirigu, kapena musinje mu mtondo n'kusefa kawiri, popeza ufa wa mpunga wamisere umamveka ngati mchenga m'kamwa.

Kaphikidwe kake ndi aka. Sefani kapu imodzi ya masese kapena thobwa logona pa nsalu yoyera, muwiritse pa moto wochepa mpaka patsale kota ya kapu, ndipo likadali lotentha muthiremo theka la kapu ya koko ndi theka la kapu ya mafuta, n'kutakasa mpaka zisalale. Kutenthako kumatulutsa fungo la koko. M'mbale ina menyani mazira awiri ndi kapu imodzi ya shuga kwa mphindi zisanu mpaka ziyere ndi kuchita thovu, pakuti kachikhungu kapamwamba kaja kamachokera pamenepa. Phatikizani ziwirizi koko atazizirako, kenako muthire theka la kapu ya ufa wa mpunga kapena wa chinangwa, kota ya kapu ya nsinjiro zokazinga pang'ono, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Thirani m'chiwaya cha masentimita 20 mbali zonse chimene mwachipaka mafuta, ndipo muphike pa madigiri 180 kwa mphindi 20 mpaka 25. Ngati magetsi azima, phikani pa mbaula monga timachitira ndi chigumu, koma makala ambiri akhale pa chivundikiro, pansi pakhale ochepa kwambiri, chifukwa koko ndi shuga zimapserera msanga. Kamtengo kamene mwabaya pakati katuluke ndi tinyenyeswa tonyowa. Kakatuluka kouma ndiye kuti mwapsereza. Musadule akadali otentha, popeza opanda gluteni amanyenyeka asanazizire. Phikani madzulo a dzulo lake, muvundikire bwino, mudzadule m'mawa wa tsiku la chikondwererolo, ndipo chidutswa cha bambo muchiike pa mbale yawoyawo, kutali ndi buledi ndi masikono a alendo.